Mmene Kerwin Anatsekera Amayi Ake Kunja kwa Kanema

Pakhomo pa a Ruperto Dimaano, m'kamsewu kopanikizana ka m'tauni ya Lipa, munthu ukamalowa unkapukuta mapazi osauzidwa. Madzulo aliwonse ankapemphera kolona asanadye, ndipo mpunga sunkasowa mumphika ngakhale mwezi utaipa. A Ruperto, omwe ana ankawatchula kuti Tatay, ankanyamula anthu pa njinga yamoto ya kangolo kumbali. Akazi awo, Nanay Perlita, anali ku Hong Kong komwe ankasamalira nkhalamba ina yodwala, ndipo kwa zaka zambiri ana awo ankawaonera pafoni ndi kuwakumbukira ndi makatoni a katundu obwera pa Khirisimasi. Panalinso agogo, Lola Iluminada, omwe chipembedzo chawo chachiwiri chinali sewero la masana la pakanema. Ana anali awiri: Lorelyn, namwino wofatsa, ndi mzime, Kerwin, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene ankatchula mchemwali wakeyo kuti Ate.

Tisamunamizire mnyamatayu, sanabadwe woipa. Ankathandiza kulumikiza zokuzira mawu kutchalitchi, ndipo foni ya aliyense ikazunguzika mumsewumo ankathamangira kwa iye. N'chifukwa chake Nanay anadzimana n'kumutumizira kompyuta yamphamvu yoti aziphunzirira. Kompyutayo inakwera kuchipinda chake cham'mwamba, koma maphunziro anatsalira pansi pa masitepe. Chimene chinalowa m'malo mwake chinali gemu ya asilikali owomberana m'mabwinja.

Woyambitsa zonse anali Jhunrey, mnzake wa tsitsi lopaka utoto wofiira, amene anasiya sukulu ponena kuti aphunzitsi ankamuchedwetsa.

"Aise, ukusewerabe pa kagalasi aka?" anatero Jhunrey tsiku lina atakhala pabedi la mnzake, nsapato zili kuphazi. "Pansipa muli ndi chikanema chachikulu ngati chitseko, chongoonerapo agogo ako anthu akulira. Lumikiza. Kompyuta ikhale konkuno, gemu izitulukira pabalaza, iwe uli pasofa ngati bwana."

Kerwin anayesa, ndipo zinatheka. Koma chimwemwe chinatha asanamalize kuseka, chifukwa chithunzi chinayamba chibwibwi. Msilikali wake ankathamanga bwinobwino, kenako n'kuima mwadzidzidzi ngati wakumbukira kuti wasiya mpunga pamoto. Chithunzi chikamabwerera, msilikaliyo anali atagona kale chagada.

"Ndi waifai imeneyo," anatero Jhunrey. "Makoma a nyumba yanuyi ndi okhuthala kwambiri. Kabokosi ka intaneti kaike pamwamba, poyera."

Malo apamwamba ndi oyera pabalaza ponse anali pa kashelefu ka Mwana Yesu, pomwe panali kachifanizo kovala zofiira ndi kanyale komwe sikankazima usana ndi usiku. Pakashelefupo pobayira magetsi panali pamodzi pokha. Kerwin anayang'ana uku ndi uku, n'kuzula kanyale kaja.

Lola Iluminada anaziona asanafike n'komwe pampando wawo.

"Kerwin! Nyale ya Mwana Yesu yazima bwanji?"

"Lola, taonani bwino. Kabokosika kali ndi nyale zake zobiriwira, zophethiraphethira. Mwana Yesu wapindulatu apa."

"Wapindula! Mawa udzamuveke zomvera m'makutu zakozo, azisewera nawe. Bwezera nyaleyo ndisanakuponyere nsapato."

Nsapato inaponyedwadi, koma nyale sinabwerere. Ndipo chibwibwi chinachepa pang'ono pokha. Kerwin anawerenga penapake kuti kauvuni kotenthetsera zakudya kamasokoneza waifai, choncho analamula kuti pasapezeke wotenthetsa kanthu iye akusewera. Tatay atabwera masana ali thukuta kamukamu, anapeza ndiwo ya nyama, adobo, ili yozizira, mafuta atagwirana pamwamba.

Anadya osadandaula. Atatha anaika supuni pansi.

"Mwana wanga, amayi ako amasambitsa kholo la eni ake, kulipukuta, kulidyetsa, kuti iwe uphunzire. Chimene ukukonza tsiku lonse n'chiyani?"

"Netiweki, Tatay."

"Netiweki yomweyo ndiyo idzakulembe ntchito?"

"Ndatsala pang'ono kumaliza."

"Aphunzitsi ako ndinawanyamula dzulo. Anandifunsa ngati unasamukira kwina. Ndinachita manyazi mpaka sindinawalipiritse. Wakutsina khutu ndi mnansi, Kerwin. Ndakutsina."

Kerwin anazyolika, ndipo manyazi anamugwiradi. Anamugwira mpaka njinga ya Tatay itakhota pakona.

Jhunrey anabwera ndi nzeru yachiwiri. "Vuto lako ndi khamu. Nyumba yonse ikumwera pachitsime chimodzi. Lowa m'kabokosimo, utsekere kunja mafoni onse."

Anatero. Foni ya Lola inafa, ya Tatay inafa, ya Lorelyn nayo. Atamufunsa, Kerwin anayankha nkhope ili gwa kuti vuto lili ku kampani, mvula yawononga mawaya ku Manila. Lorelyn, amene anali pa chibwenzi ndi mnyamata wina dzina lake Arnel, anayamba kukaima pakhomo pa golosale ya mumsewu kuti alankhule naye, amayi onse ogula sopo akumvera nawo.

"Mvula imeneyi ikugwera foni zathu zokha?" anafunsa Lorelyn tsiku lina, akuona asilikali akudumpha pakanema.

"Ate, zimenezi ndi zovuta kufotokozera munthu wa zachipatala."

Komabe msilikali uja ankaimabe nthawi zina, ndipo ankasankha poimira pamene pali poipa. Kerwin anawonda. Kusukulu anasiyiratu, kolona ankapemphera maso ali pa tinyale tobiriwira. Anazimitsa kabokosi n'kuyatsanso, anachepetsa kuwala kwa chithunzi mpaka asilikali kuoneka ngati mbatata, anamata ngakhale pepala lonyezimira la fodya kuseri kwa tinyanga take. Zonsezo zinali kutunga madzi ndi dengu.

"Mankhwala enieni ndi chingwe," anatero Jhunrey pomaliza. "Chichoke pakompyuta mpaka pakabokosi. Mphepo ilibe chilungamo, waya sanama."

"Chingwe chachitali chotero ndichitenga kuti?"

"Usadzipusitse. Kiyi wa kuchipinda cha zokuzira mawu amasunga ndani?"

Kiyiyo ankasunga ndi Kerwin yemweyo. Kutchalitchi kwawo ankaulutsa Misa pa intaneti kuti odwala ndi amene ali kunja kwa dziko azionera, ndipo chingwe chachitali chabuluu chinkachoka ku ofesi kukafika pa kamera. Wochiyang'anira anali Mang Celso Villapando, mkulu wa mpingo wadazi lowala, wodziwika ndi zinthu ziwiri: mapemphero osatha, ndi kulemba chizindikiro pa chinthu chilichonse cha tchalitchi. Chingwecho anachimata timapepala tachikasu tokhala ndi mtanda, mkono uliwonse kamodzi. Ndipo Mang Celso yemweyo anali bambo ake a Arnel.

"N'kutchalitchitu kumeneko, Jhunrey."

"Ndiye? Kubwereka si kuba. Komanso Mulungu chingwe achitani? Amamva popanda waya."

Kerwin anaseka, ndipo kusekako ndiko kunamugwetsa. Lachiwiri masana, m'tchalitchi muli zii, analowa ndi chikwama chopanda kanthu n'kutuluka nacho chitatupa. Lamlungu lotsatira Misa sinaulutsidwe. Mang Celso anapempherera wakubayo motalika kwambiri mpaka ana awiri anagona, ndipo Kerwin anayankha "Amen" mokweza kuposa onse.

Chingwe chinachita zodabwitsa. Anachitsitsa m'mbali mwa masitepe, n'kuchibisa pansi pa kapeti ndi kuseri kwa makatani. Chibwibwi chinatheratu. Mwa kunyada, anyamatawo anawonjezera zina ziwiri: anakonza kuti gemu ikangoyatsidwa m'mwamba, kanema wapansi azitembenukira yekha ku gemuyo, ndiponso kuti kabokosi kazidyetsa gemu choyamba, ena onse azitola nyenyeswa. Kerwin anagona pasofa, mwendo pamwamba pa unzake, akudziona ngati injiniya. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anabwera atavala bwino. Arnel anatumiza mawu kuti Loweruka adzafika ndi makolo ake ku pamamanhikan, kudzapempha Lorelyn pamaso pa makolo monga mwa mwambo. Nkhani yotere siyendetsedwa mayi wa mkazi palibe. Nanay Perlita anachonderera mabwana awo, anachonderera mnzawo wina kuti adzawagwirire wodwala uja, ndipo anapatsidwa ola limodzi lokha.

Tatay anamuitana Kerwin. "Ntchito yako Loweruka ndi imodzi. Nkhope ya amayi ako ioneke pakanemapa, mawu awo amveke. Osati pa kafoni, pakanema, akhale nafe ngati munthu. Wamva?"

"Ndamva, Tatay."

Lorelyn anamugwira dzanja pamasitepe. "Kerwin, sindinakupemphepo kanthu chibadwire. Mvula yako ya ku Manila ndaipirira. Koma Loweruka lokha, chonde."

"Ate, zimenezo ndimapanga nditatsinzina."

Anaganiza zoyeserera Lachinayi, n'kuzisiyira Lachisanu, Lachisanu n'kuzisiyira mmawa. Chimene sanauze aliyense n'chakuti Loweruka lomwelo, masana omwewo, gulu lake ndi Jhunrey linali ndi mpikisano.

Tsikulo nyumba inanunkhira sopo. Kerwin anatsekulira foni ya Lorelyn yokha, n'kuilumikiza ku kanema, ndipo taonani, Nanay Perlita anaoneka, nkhope yaikulu bwino, akumwetulira misozi ili m'maso. Kerwin anakweza mawu a kanema mpaka kumapeto kuti Lola amve, rimoti n'kuiponya m'thumba la buluku lake. A Villapando anafika atanyamula chakudya chonga sipageti chotchedwa pansiti, nkhumba yowotcha ndi makeke a mpunga. Arnel, makutu ali psuu ndi mantha, anatenga dzanja la Lola n'kuligunditsa pamphumi pake. Onse atakhala, Mang Celso anaimirira nati, "Tiyeni tiyambe ndi kapemphero kakafupi."

Kerwin ankawadziwa makapemphero akafupi a Mang Celso. Foni inali kunjenjemera m'thumba mwake: Jhunrey. Anawerengera mumtima kuti pempherolo likamafika kwa odwala ndi apaulendo, iye adzakhala atamaliza chigawo choyamba. Adzasewerera pa kagalasi kam'chipinda, alakwira ndani? Onse atatsinzina, ananyang'ama pamasitepe.

Mwatsoka, tsikulo Mang Celso anali ndi njala, ndipo pemphero linafupikadi. Pamene Kerwin ankavala zomvera m'makutu, pansi mkuluyo anali atayamba kale mawu ake.

"A Ruperto, a Perlita, mwana wathuyu waona duwa m'munda mwanu. Tabwera kudzapempha ndi manja awiri."

Tatay anatembenukira ku kanema. "Amayi a mwana ayambe ndiwo."

Nanay Perlita anapukuta maso, anakoka mpweya, anatsegula pakamwa. M'mwamba, Kerwin anayatsa gemu.

Nkhope ya Nanay inauma pakamwa pali yasa. Kenako inazimirira, ndipo m'malo mwake munabwera mabwinja, utsi ndi mfuti zolira mwakuti magalasi a kabati ananjenjemera.

"Yesu Maria!" anakuwa Lola. "Ku Hong Kong kwabuka nkhondo! Perlita, gona pansi!"

Kerwin sankadziwa kanthu. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti m'makutu mwake munali zii. Anaiwala kuti gemu ikapita ku kanema, mawu onse amapita nayo. Anagogoda zomvera zija, n'kukuwira pa kolankhulira.

"Jhunrey, sindikukumva! Kweza mawu!"

Jhunrey ankamumva bwinobwino, ndipo anakweza. Mawu ake anatulukira pabalaza ngati a mlaliki wa pamsika.

"Ndati, afika abambo a dazi aja? Usaope, pemphero lawo likamatha nkhumba idzakhala itadzukanso!"

Akazi a Mang Celso anatsamwa ndi keke. Tatay anagwada kufunafuna rimoti pansi pa sofa. Lorelyn anayesa kufikira pobayira magetsi a kanema, koma panali kuseri kwa kabati yolemera.

"Sindikumvabe!" anakuwa Kerwin m'mwamba. "Lankhula ngati mwamuna!"

"Ndati chingwe chawo chikugwira ntchito ngati mngelo! Chingwe chodalitsidwa, aise! Uwauze atibweretsere china, akapemphererenso wakuba!"

Mang Celso anatsitsa maso pang'onopang'ono. M'mphepete mwa kapeti, pafupi ndi phazi lawo, munkasuzumira kapepala kachikasu kokhala ndi mtanda. Khoswe wa padenga anali ataulula wa padzala.

Koma Jhunrey anali asanathe.

"Nanga amayi ako aja adakali pakanema? Azimitse, akutidyera netiweki! Si paja umati ntchito yawo n'kutumiza makatoni, nkhope yawo tikuidziwa kale?"

Apa palibe anatsamwa, palibe anaseka. Mawuwo Kerwin anawanenadi tsiku lina, pofuna kuoneka wochenjera pamaso pa mnzake, ndipo anali atawaiwala.

Mang Celso anawerama, anagwira chingwe, n'kuyamba kuchitsatira. Chinawatulutsa pansi pa kapeti, chinawapititsa kuseri kwa makatani, chinawakweza masitepe mpaka pachitseko. Kerwin anamva dzanja paphewa. Anatembenuka ali wokwiya, pakamwa pali kale mawu oti "Lola, ndanena kuti", n'kukumana ndi dazi lija likuwala pamwamba pake.

"Pitiriza, mwana wanga," anatero Mang Celso mofatsa. "Ndangobwera kudzatenga katundu wa Ambuye."

Anazula chingwe. Anachikulunga pachigongono mosafulumira, mtanda ndi mtanda, akutsika nacho, Kerwin akutsatira pambuyo. Pabalaza kanema anali atada. Onse anali kuyang'ana foni ya Lorelyn patebulo, pakati pa mbale ya pansiti ndi nkhumba. Chithunzi chinali chitapita, koma foniyo sinaduke. Nanay anali atamva zonse.

Kamawu kakang'ono kanatuluka. "Ruperto, ndamva. Mnzanga uja akuti nthawi yakwana, ayenera kubwerera kwa mabwana ake. Alendo mundipepesere."

Foni inaduka.

Mang Celso anakoleka chingwe paphewa. "A Ruperto, za ana athuwa tidzakambirana tsiku lina, mitima ikadzatsika. Pansitiyo idyani, sinalakwe kanthu." Anatuluka ndi akazi awo. Arnel anaima pakhomo akuyang'ana Lorelyn, mpaka amayi ake anachita kumukoka malaya.

Kerwin anayembekezera lamba, ndipo akanalilandira ndi manja awiri. Tatay sanamumenye. Anangokwera pampando, anazula kabokosi kaja, anabayanso kanyale ka Mwana Yesu, n'kutuluka kukapukuta njinga yomwe inali yoyera kale. Lorelyn anadzitsekera m'chipinda, ndipo kulira kwake kunkamveka kudutsa makoma okhuthala aja amene waifai inkalephera kuwadutsa. Ngakhale Lola sanaponye nsapato.

Foni ya Kerwin inalira kamodzi. Anali Jhunrey: "Taluza chifukwa cha iwe. Tapeza wina, usadzabwerenso."

Mmawa wake, Lamlungu, Kerwin anaima kutsogolo kwa mpingo popanda womukakamiza, nanena chimene anachita. Mawu ankatuluka mwachibwibwi, koma anawamaliza. Anabweza kiyi. Mang Celso anamugwadiritsa n'kumupempherera, ndipo ulendo uno pemphero silinafupike ngakhale pang'ono. Maondo a Kerwin anawerenga dzina la woyera aliyense. Kompyuta inatsikira pabalaza pomwe aliyense angaione, ndipo Lolemba mnyamatayo anabwerera kusukulu, aphunzitsi n'kumufunsa ngati ndi wophunzira watsopano.

Ukwati sunafe. Patapita milungu ingapo, a Villapando anabweranso ndi pansiti ina, ndipo nkhani inatha bwino. Koma Nanay Perlita sanapatsidwenso ola lina. Wodwala uja anali atafooka, ndipo mabwana anati anapereka kale chilolezo kamodzi. Lorelyn anaperekedwa mayi ake palibe, tsiku la ukwati linasankhidwa mayi ake palibe, ndipo Nanay anangouzidwa pambuyo ngati mnansi wakutali.

Kerwin anatenga nthawi kuti alimbe mtima kuwaimbira. Atawaimbira, chithunzi chinali choyera bwino, chopanda chibwibwi ngakhale pang'ono, moti ankaona imvi zimene sankadziwa kuti amayi ake ali nazo.

"Nanay, ndinalakwa. Mawu aja sindinkatanthauza."

"Ndinakukhululukira tsiku lomwelo, mwana wanga. Ndikanapanda kutero sindikanagona. Koma ndikuuze chinthu chimodzi, kuti uchidziwe. Tsiku lija ndinagula diresi. Ndinakhala pamasitepe akumbuyo, pomwe amaika zinyalala, chifukwa ndi pokhapo pamene pali phee. Mawu oti ndinene popereka mwana wanga ndinawakonza mlungu wonse, ndikuwabwereza ndikusambitsa agogo aja mpaka iwonso anawaloweza. Ndinangotsegula pakamwa, Kerwin. Mpaka lero mawu aja adakali mkamwa muno, ndipo palibenso tsiku loti ndidzawanene."

Kerwin analira ngati mwana wakhanda, ndipo amayi ake anamusiya alire.

Inu achinyamata, imvani zimenezi. Kerwin sanadzuke tsiku limodzi n'kukhala mbala. Anayamba ndi ulesi, ulesi unabala bodza, bodza linabala kuba, ndipo pa sitepe iliyonse ankati akungokonza kavuto kakang'ono. Mnzako amene amakusekesa pamene chikumbumtima chikukuletsa, mthawe, chifukwa zikadzavuta adzapeza wina. Chimene waba ukhoza kubweza, kusukulu ukhoza kubwerera, ndipo Mulungu ndi makolo amakhululuka. Koma pali zina zimene tchimo lako limalanda anthu okukonda, ndipo ngakhale ulape chotani, sudzatha kuwabwezera.